Maloko Awiri pa Thiranki ya Achimwene

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Kunena zoona sikunali kudzuka ayi, chifukwa pa siwa munthu sugona, umangotsamira khoma n'kumamvetsera anthu akutsokomola. Amayi a kumpingo anali ataleka kuimba, ambiri atafunda zitenje mpaka kumutu chifukwa cha mwera umene unkalowera pansi pa chitseko. Pakati pa nyumba panali achimwene anga, atagonekedwa pa mphasa, atafunditsidwa nsalu yoyera. Bokosi linali lisanafike, kalipentala anali akulipalabe kwawo.

Ndinalumpha miyendo ya amayiwo mmodzimmodzi n'kulowa kuchipinda kwanga, m'chitenje nditamangirira msomali ndi kamwala. Pansi pa bedi panali thiranki yachitsulo ya achimwene. Pa thirankiyo panali maloko awiri, koma ine ndinali ndi kiyi mmodzi yekha.

Ndiyambe ndafotokoza za munthuyo, kuti mumvetse chimene chinanditengera kuchipinda anzanga akulira. Ife ndife ana a msodzi, kwathu n'kuno kunyanja, m'mbali mwa msewu wochokera pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay. Ine ndinalekeza sitandade faifi n'kuyamba geni ya usipa. Achimwene anapitirira mpaka ku Ulaya, nabwerako akutchedwa dokotala, koma wosabaya jakisoni. Anaphunzitsa masamu ku koleji ku Zomba zaka zambiri. Ntchito imene inawatchukitsa kunja inali yobisa mawu m'manambala, kuti kalata idutse m'manja mwa anthu khumi koma aiwerenge mwini wake yekha. Zolemba zawo zinkasindikizidwa m'mabuku a kumeneko, ndipo kawiri konse anawaitana kuti akakhazikike komweko. Anakana, ati ana a kuno nawonso ali ndi mitu.

Tsiku lina atabwera ku holide ndinawafunsa kuti kodi chimene amadyera malipiro n'chiyani kwenikweni. Anandiyankha ali pa thandala, akutola usipa wanga n'kumatafuna osalipira.

"Tiyerekeze ukufuna kunditumizira chinthu pa basi, koma kondakitala ndi wamanja aatali," anatero. "Umachiika m'thiranki, umakhoma loko wako, n'kutumiza. Ine ndimakhomapo wanga n'kukubwezera. Iwe umachotsa wako uja n'kutumizanso. Ine ndimatsekula wanga. Waona? Kiyi sanakwerepo basi."

"Ndiye munapita ku Ulaya kukaphunzira kulemeretsa kondakitala maulendo atatu?"

Anaseka mpaka usipa unawatsamwa. Kenaka anati zimenezo anzawo anaziganiza kale, iwo chimene chinkawasowetsa tulo ndi china: udziwa bwanji kuti amene wakhoma loko wachiwiriyo ndi mbale wakodi, osati kondakitala yemweyo? Funso limenelo analimbana nalo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo zonse zimene anapeza zinali m'makope atatu.

Koma inu mukudziwa nthawi imene tinkakhala. Inali nthawi ya chipani chimodzi, yoti ngakhale pamsika sulowa wopanda khadi. Munthu wolemba zinthu zoti boma silingawerenge anali ngati wasunga mfuti. Makalata a achimwene ankafika atamatidwa kachiwiri, guluu wake wosauma bwino. Pasipoti yawo inapita kukaonedwa, osabwerakonso. Atayamba kudwala chifuwa anabwera kudzagona kwa ine, poti analibe mkazi, atanyamula thiranki ija. Kutatsala masiku anayi kuti atisiye anandifumbatitsa kiyi.

"Uyu ndi wa loko wanga. Winayo anakhoma ndi munthu amene ndinamuphunzitsa. Akadzabwera ndi kiyi wake, utsekule, umupatse makopewo."

Ndinafunsa dzina la munthuyo. Anapukusa mutu, nati chimene sindichidziwa palibe angandifinye kuti ndichinene.

Ndikanachita monga anandiuzira pakadapanda tcheyamani wa chipani wa m'mudzi mwathu. Madzulo oti mawa tiika maliro, atabwera kudzakhuza, anandiitanira pambali n'kundifunsa mokoma, akusisita m'manja, ngati malemu anasiya mapepala ena alionse ofunika kusungidwa bwino. Munthu woti dzina lake lomwe amalemba movutikira, lero afune mapepala a masamu? Amuna anga, amene anali mphunzitsi pa pulayimale ya boma, atamva anangokhala pansi. Anandikumbutsa kuti mwezi womwewo tinamva kuti aphunzitsi ena ku Zomba anatengedwa, ndipo munthu akamalowa m'chitokosi amamulanda lamba, nsapato ndi makiyi omwe. Anati, "Mayi a ana, kiyi amatsekulira aliyense amene wamugwira. Ana tili nawo anayi."

N'chifukwa chake m'bandakucha umenewo ndinagwada pansi pa bedi. Maloko sindinawakhudze. Ndinatembenuza thiranki, n'kuika msomali pa kachitsulo kolumikiza mahinjesi, n'kumagogoda pang'onopang'ono nthawi imene wina watsokomola kunja. Kachitsulo kamodzi kanatuluka bwino, kena kanathyoka. Chivundikiro chinatsekuka chakumbuyo. M'katimo munali makope atatu achikuto chakuda, odzaza manambala ndi tizilembo tangati mapazi a nkhuku, basi. Ndinawatulutsa, ndinabwezera kachitsulo kabwinoko, ndipo m'malo mwa kothyoka kaja ndinalowetsa msomali womwewo.

Kusoka mtsamiro wa m'bokosi inali ntchito yanga monga mlongo wawo. Ndinakulunga makopewo m'nsanza, n'kuzinga thonje mbali zonse, n'kusoka ndi ulusi wowirikiza. Mtsamirowo unatuluka wolimba ndi wolemera, wosayenera mutu wa munthu. Ndinati, pepani achimwene, mugonera zanu zomwe.

Nditatuluka kunja kunali kutayera. Nyanja inali itakwiya, mafunde akumenya mabwato amene anakokeredwa pamtunda, poti tsiku la maliro palibe amalowa m'madzi. Adzukulu anali atapita kale kumanda ndi makasu. Kuseri kwa nyumba moto unali utayaka malo asanu, utsi ukungozungulira ndi mphepo, amayi akupukuta misozi yosadziwika ngati ndi ya utsi kapena ya maliro. Mbuzi anazinga ndi a shehe a mudzi woyandikana nafe, monga timachitira nthawi zonse, kuti abale athu achisilamu adye nafe mosakayika. Kalipentala anafika ndi bokosi pa njinga dzuwa litangotuluka. Amayi a kumpingo analiyala nsalu, ine n'kuikamo mtsamiro ndi manja angawa. Mayi wina anafuna kuukonza bwino, ndinamuchotsa dzanja ngati waba.

Anthu anayamba kufika cha m'ma eyiti. Anabwera asodzi a m'madooko onse oyandikana nafe, akazi anzanga a geni ochokera pa boma, achibale a kumtunda ku Chowe atakwera lole ya nkhuni. Ine ndinakhala pakhonde ndi amayi anzanga, koma maso anga sankalira, ankawerenga nkhope. Aliyense wovala jekete ndinkamuyang'ana kumapazi. Anthu a kwathu mapazi awo amakhala oyera ndi mchenga, ndiye nsapato yopolishidwa imaonekera patali.

Ochokera ku koleji ndinkayembekeza kuti adzaza basi. Abale inu, kunangobwera nkhata yamaluwa pa galimoto, dalaivala n'kuitula, n'kubwerera osamwa ndi madzi omwe. Pa kapepala kake panalembedwa kuti kuchokera kwa anzanu, popanda dzina ngakhale limodzi. Zinandiwawa kwambiri. Munthu waphunzitsa ana a eni ake mpaka tsitsi kuyera, lero anzake aope kulemba maina awo pa maluwa! Koma ndikaganiza zimene ndinali nditasoka mu mtsamiro, ndinkasowa pomwe ndingayambire kuwanyoza.

Mlendo wina anafika ndi basi ya m'ma teni. Anali wamtali, woonda, wazaka ngati makumi atatu ndi mphambu, jekete yotuwa, nsapato zakuda zonyezimira. Sanalire, sanafunse kuti achibale ali kuti. Anakakhala kumapeto kwa benchi ya azibambo, pansi pa mtengo wa mango, n'kumayang'ana nyumba yanga, makamaka zenera la kuchipinda. Nyimbo sankaimba nawo. Kawiri ndinamuona akutulutsa kakope m'thumba, kulembamo, n'kubweza. Mayi wina amene ndimagulitsa naye limodzi pamsika ananditsina pantchafu n'kundinong'oneza kuti, "Kapirikoni uyo, kazitape wa boma." Posakhalitsa tcheyamani ananyamuka pampando wake, napita kukamupatsa moni wa manja awiri, nakhala naye akulankhula motsitsa.

Panopa ndikaganiza, tcheyamani uja ankapatsa moni mlendo aliyense pa maliro alionse, pofuna kudziwa kuti ndi ndani. Inali ntchito yake. Koma tsiku limenelo maganizo amenewo sanandifikire.

Itayandikira nthawi yoona nkhope, ndinapita kuseri kukasamba m'maso. Nditatembenuka ndinangomupeza waima pafupi ndi nkhokwe, chipewa chili m'manja.

"Pepani mayi, pepani ndithu. Ndinu achemwali awo a malemu?"

"Ndine. Nanga inu?"

Sanatchule dzina. Anatambasula dzanja, m'chikhatho muli kiyi wamng'ono womangidwa ndi ulusi wofiira.

"Anandiuza kuti mudzadziwa," anatero.

Ndinamuyang'ana kiyiyo, ndinayang'ana nsapato zija. Ndinamufunsa kuti tcheyamani amamudziwira kuti. Anati samudziwa, lero n'koyamba kumuona, ndipo anamuuza kuti ndi mnzawo wa malemu wa kutchalitchi. Ndiye kuti bodza amalitha, ndinatero mumtima. Ndinamufunsanso chimene amalemba m'kakope kake. Anachita manyazi, nati amalemba nyimbo zimene zaimbidwa ndi anthu amene abwera, kuti akafotokozere anzake amene aopa kubwera. Anthu amene abwera! Mawu amenewo anandilowa ngati minga.

"Dikirani tiike kaye maliro," ndinatero. "Zina tikamba madzulo."

Anawerama n'kubwerera ku benchi yake.

M'nyumba bokosi linali pa mipando iwiri, lotsekula kumutu. Anthu ankalowa pamzere, kuzungulira, n'kutulukira khomo lina. Ife achibale tinali omaliza. Ndinaima kumutu kwa achimwene, dzanja langa lili pa mtsamiro, ndikumva ngodya ya kope pansi pa thonje. Nthawi inalipo. Ndikanatha kunena kuti mtsamirowu wadetsedwa, ndikasinthe, palibe akanandiletsa. Mawu awo ndinkawamva bwinobwino m'khutu: utsekule, umupatse. Ndinadzutsa mutu n'kuona amuna anga pakhomo, atagwira ana athu aakazi awiri m'manja, akundiyang'ana osaphethira. Kumbuyo kwawo, pazenera, kunkaoneka chipewa cha tcheyamani. Ndinachotsa dzanja. Kalipentala anabwera ndi hamala, ndipo misomali inali isanu ndi umodzi, ndinaiwerenga yonse. Pamenepo m'pamene ndinalira zenizeni, mpaka anachita kundinyamula.

Mwambo wa panja unali waufupi chifukwa cha mphepo. Mkulu wa mpingo amene anawerenga mbiri ya malemu anatchula tsiku lobadwa, tsiku lobatizidwa, sukulu zonse, kenaka anati anali mphunzitsi wa masamu wokhulupirika ku boma ndi ku mpingo. Anathera pomwepo. Za manambala obisa mawu, za mabuku a kunja, za kuitanidwa kawiri kuja, sanakhudzeko, ngakhale zonsezo ndinamuuza ndine dzana lake. Tcheyamani naye analankhula, nathokoza boma chifukwa cha mtendere umene unalola kuti tisonkhane. Tonse tinaomba m'manja. Ndinasuzumira kwa mlendo uja. Mutu unali pansi, chala chake chikulembalemba pa bondo.

Kumanda n'kotalikirako, njira yake imadutsa m'minda ya chinangwa, mchenga wokhawokha. Kwaya inatsogola, bokosi pambuyo, ife amayi kumapeto. Mwera unkatiwaza mchenga m'maso n'kumabalalitsa nyimbo, a kutsogolo akuimba vesi ina, a kumbuyo ina. Azibambo ankalandizana bokosi monga mwa mwambo, wina akatopa wina n'kulowapo. Titadutsa pa mlambe ndinaona jekete yotuwa ija ikudzipanikiza pakati pa asodzi mpaka inagwira kumutu. Anthu amanyamula masitepe makumi awiri n'kusiyira anzawo. Iyeyu sanasiye. Wina anamugwira paphewa kuti alandire, anakana ndi mutu. Nsapato zonyezimira zija zinkatitimira mumchenga, iye akupepesuka, koma anafika nalo mpaka pa manda. Ine kumbuyoko ndinkangoti, akumva kulemera, akuyeza, wadziwa.

Dothi la kwathu silisunga dzenje. Adzukulu anali atatchinga m'mbali ndi matabwa a bwato lakale, komabe mchenga unkagumukira m'kati, ndiye anafulumira. Anatsitsa bokosi ndi zingwe za khoka. Abusa anaponya dothi katatu, ife tinaponya lathu, makasu n'kuyamba. Sipanatenge nthawi. Nkhata ya maluwa yopanda maina ija inaikidwa pamwamba, adzukulu n'kuipsinja ndi mwala kuti isauluke.

Titabwerera anthu anasamba m'manja, anadya, nayamba kubalalika. A ku Chowe anathamangira lole yawo. Tcheyamani anabwera kudzatsanzika, nandikumbutsanso za mapepala. Ndinamuuza kuti achimwene anasiya malaya ndi Baibulo, ngati akufuna malaya adikire tsiku logawa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapita. Mlendo uja sanadye. Anakhalabe pa benchi mpaka anyamata a kumpingo atabwera kudzaitenga, ndiye anasamukira pa muzu wa mango.

Dzuwa litapendeka ndinamuitana. Ndinaganiza kuti aone yekha kuti m'thiranki mulibe kanthu, akauze amene anamutuma, atisiye. Amuna anga anaikokera pabalaza n'kutseka chitseko. Mlendoyo anavula nsapato pakhomo. Sokosi yake ina inali yobooka pachala, ndipo pansi pa nsapato zija, zitagona chammbali, ndinaona kuti panali pomata ndi mphira wa tayala. Anagwada, nalowetsa kiyi wake. Loko anatseguka msanga, osalimba. Ine ndinalowetsa wanga ngati sindikudziwa za m'katimo. Anatukula chivundikiro.

Anayang'anamo nthawi yaitali. Analowetsa dzanja n'kupapasa m'makona, ngati makope atatu angabisale m'kona. Kenaka anazungulira kumbuyo kwa thiranki, naona msomali wanga uli m'hinjesi, mutu wake wonyezimira ndi mikwingwirima ya mwala. Anaugwira ndi chala. Anayamba ngati akuseka.

"Chaka chilichonse, tsiku loyamba m'kalasi, ankatiuza zimenezi," anatero. "Ankati inu mukamatamanda loko wanu, wina akuyang'ana kumbuyo kwa thiranki."

Kusekako kunasanduka kulira. Bambo wamkulu, atakhala pansi pa simenti, miyendo atatambasula, akulira mokweza ngati wafedwa mayi ake. Anati makope aja anawaona kamodzi kokha, ndipo m'lachitatu munali yankho la funso lija, loti iye anangomvako theka lake. Theka linalo achimwene anati adzaliwerenga yekha.

Ine ndinaima chilili. Mtima wina unkati gwada upepese. Wina unkati akapirikoni nawonso amadziwa kulira.

Atatonthola anapukuta m'maso ndi chipewa, navala nsapato zake. Sanandifunse kuti makope ali kuti. Ali pakhomo anatembenuka, nalankhula motsitsa kuti ndimve ndekha.

"Ndinanyamula nawo, mayi. Kumutu kunkalemera."

Anasiya loko wake ndi kiyi wake pa tebulo, n'kupita kumsewu kukadikira basi yomaliza.

Nyumba inatsala zii. Amayi atatu amene anatsalira kudzatigoneka anali kukhitchini, ana atagona pa mphasa osavula. Mwera unali utaleka, ndipo phokoso linali la mafunde okha. Pamene panagona achimwene panali posesedwa, mipando iwiri ija itabwezedwa kukhoma. Amuna anga anandinong'oneza kuti ngati munthu uja ndi wa boma, wadziwa pamene pali makope, ndiye tiyembekezere Landirova ya apolisi ndi makasu odzafukulira manda, mwina lero lomwe, mwina mawa. Anakalongedza bulangete ndi mswachi m'kathumba n'kukaika pafupi ndi chitseko.

Ndinakhala pa tebulo, maloko awiri ali pamaso panga, onse otsekula. Galimoto iliyonse ikamveka kumsewu ndinkaimika khutu, n'kuimva ikudutsa kulowera ku Monkey Bay. Poyamba ndinkapemphera kuti idutse. Koma mdima ukuyamba kugwa, ndinadzipeza ndikufuna china, Mulungu andikhululukire. Ndinkafuna kuti imodzi ikhote, iime pakhomo pathu, atsike anthu ndi makasu, kuti ndidziwe kuti sindinawalakwire achimwene.

Palibe inakhota madzulo amenewo. Sinakhote mawa lake, kapena chaka chimenecho, kapena zaka zonse mpaka chipani chija chinachoka. Kathumba ka amuna anga kanakhala pachitseko sabata ziwiri, kenaka anatulutsamo mswachi wawo.